Chiwerengero cha mphamvu za m'nyumba pa dziko lonse chimachokera kuti, nanga nkhuni zathu zilimo?

Mphunzitsi Kamanga (Mchinji boma): Akuluakulu a gulu lino, ndathandizidwe. M'malipoti a bungwe la International Energy Agency (IEA), loona za mphamvu, amalemba kuti nyumba zogonamo pamodzi ndi maofesi, masitolo, zipatala ndi masukulu zimatha pafupifupi 30% ya mphamvu zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito pa dziko lapansi. Funso langa ndi lakuti anawerenga bwanji? Palibe anayendera nyumba zonse. Ndipo munthu atafuna kuchita masamu omwewo pa boma la Mchinji lokha, angayambire pati?

A Jere (zoyeza magetsi): Aphunzitsi, njira zilipo ziwiri, ndipo chiwerengero chodalirika ndi chimene njira ziwirizi zakumanizana.

Yoyamba imatsika kuchokera pamwamba. Dziko lililonse limalemba kaundula wa chaka wa mphamvu: zimene lapanga, zimene laitanitsa kunja, zimene latumiza kunja, zimene zatayika m'njira, ndiyeno zotsalazo limazigawa m'magulu a ogwiritsa ntchito, monga mafakitale, zamtengatenga, ulimi, nyumba zogonamo, ndi nyumba za malonda ndi za boma. Makaundulawa amatumizidwa ku IEA ku Paris, ku nthambi ya ziwerengero ya United Nations, ndipo kuno ku Africa kuli AFREC, bungwe la African Union loona za mphamvu, ku Algiers. Iwo amaphatikiza magulu awiri omalizawo a maiko onse. Zotsatira zake zimakhala pafupifupi ma EJ 130 pa chaka (EJ ndi muyeso waukulu kwambiri wa mphamvu), ndipo gawo lalikulu, loposa magawo awiri mwa atatu, ndi la nyumba zogonamo.

Yachiwiri imakwera kuchokera pansi. Mumatenga nyumba zochepa zosankhidwa bwino, kuziyeza, n'kuchulukitsa ndi nyumba zonse za mtundu umenewo. Ku America bungwe la boma la ziwerengero za mphamvu, EIA, lili ndi kafukufuku wotere pawiri, RECS wa nyumba zogonamo ndi CBECS wa nyumba za malonda. Pa Mchinji njira yotheka ndi yachiwiriyi, chifukwa kaundula wa dziko sagawidwa pa maboma.

Mayi Nangondo (za nkhuni ndi mbaula): Musanapitirire a Jere, tiyambe tagwirizana miyeso, chifukwa zolakwa zambiri zimabadwira pamenepo. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi kWh imodzi, ndipo kWh imodzi ndi ma MJ (megajoule, muyeso wa mphamvu) 3.6. Ma MJ 1,000 ndi GJ imodzi. EJ imodzi ndi ma GJ 1 biliyoni, kapena ma TWh 278 (TWh imodzi ndi mayunitsi 1 biliyoni). Malipoti ena amalemba mu toe, mphamvu yofanana ndi tani imodzi ya mafuta, yomwe ndi ma GJ 41.868 kapena ma kWh 11,630. Sankhani muyeso umodzi, chilichonse muchitembenuzire mmenemo musanaphatikize. Malita a palafini ndi makilo a makala saphatikizana.

Zochulukitsira zake ndi izi: nkhuni zouma bwino ma MJ 15 pa kilo, makala 29 pa kilo, gasi wa m'masilinda 46 pa kilo, palafini 35 pa lita, dizilo 36 pa lita.

Mphunzitsi Kamanga: Zikomo mayi. Ndiye magetsi ndi osavuta, ndingofunsa mayunitsi amene banja lagula pa mwezi?

A Jere: Ayi bambo, mayunitsi ogula si mayunitsi ogwiritsa ntchito. Wina amagula ambiri akangogulitsa soya kapena mtedza n'kukhala miyezi itatu osagulanso. Pa mita yolipiriratu chitani chonchi: lembani zotsala pa mita tsiku loyamba, wonjezerani mayunitsi onse amene alowetsedwa pakatipa, chotsani zotsala tsiku lomaliza. Mwachitsanzo 42 poyamba, agula 60, pomaliza patsala 27, ndiye atha 75. Ngati papita masiku 30, ndi ma kWh 2.5 pa tsiku. Lembani mayunitsi, osati makwacha, popeza mitengo imasintha MERA ikavomereza, ndipo pa ndalama ija pamachoka msonkho.

Pamene palibe mita yakeyake, monga nyumba za lendi zingapo zodyera mita imodzi, mumawerenga chipangizo ndi chipangizo: mawati ake kuchulukitsa ndi maola, kugawa ndi 1,000. Mababu asanu a mawati 9 oyaka maola 5 ndi ma kWh 0.225 okha. Msampha uli pa zipangizo zozimitsa zokha. Furiji yolembedwa mawati 120 siyenda maola 24. Kompuresa imalira n'kupuma, ndipo ikamayenda 40% ya nthawi imatha 120 × 24 × 0.4, omwe ndi ma kWh 1.15 pa tsiku, osati 2.9. Ikaikidwa pafupi ndi khoma lotentha kapena labala wa chitseko atatha, imayenda nthawi yaitali. Simbi yositira ndi hotipuleti n'chimodzimodzi. Giza, thanki yotenthetsera madzi, musaiwerengere pa mawati a elementi, iwerengereni pa madzi: malita 150 kuwakweza kuchoka pa madigiri 20 kufika 60 ndi 150 × 4.186 × 40, pafupifupi ma MJ 25, kapena mayunitsi 7. Nyumba imodzi ya giza ingathe magetsi oposa nyumba zingapo za mababu, wailesi ya kanema ndi kutchaja mafoni zitaphatikizidwa.

A Zulu (Mkanda): Zonsezo n'zoona, koma mukukambirana mchira, mutu mwausiya. Kalembera wa 2018 wa ofesi ya ziwerengero ya NSO anapeza kuti mabanja ounikira magetsi m'Malawi ndi pafupifupi 11 pa 100. Pa kuphika, pafupifupi 77 pa 100 amadalira nkhuni, 18 makala, ndipo magetsi ndi 2 okha. Mukawerenga mamita onse a Mchinji bwinobwino osalakwitsa ndi yuniti imodzi yomwe, mwawerengabe kagawo kakang'ono ka mphamvu za m'nyumba.

Mayi Nangondo: A Zulu mwakhudza pamene pali nkhani. Taonani masamu awa. Tiyerekeze banja la anthu asanu lotentha nkhuni zouma makilo 8 pa tsiku pa mafuwa. 8 × 15 ndi ma MJ 120 pa tsiku, pa chaka ma GJ 43.8, omwe ndi ma kWh oposa 12,000. Nyumba wamba ya ku America imatha magetsi oposa pang'ono ma kWh 10,000 pa chaka. Ndiye nyumba ya udzu yopanda ndi babu lomwe, pa kaundula imaoneka ngati yadya mphamvu yoposa magetsi a nyumba ya furiji, makina ochapira ndi makina oziziritsa. Chifukwa chake n'chakuti pa mafuwa, moto wolowadi mu mphika ndi 10 mpaka 15 pa 100. Wina wonse umapita ndi utsi ndi mphepo. Tikatenga 12 pa 100, pa ma GJ 43.8 aja ophikadi nsima ndi ndiwo ndi 5.3 okha.

Tsopano tikweze pa boma. Kalembera yemweyo anawerenga anthu oposa pang'ono 600,000 m'Mchinji. Pa anthu 4.4 pa banja, omwe ndi avereji ya dziko, ndi mabanja pafupifupi 135,000. Titabwereka 77% ya dziko lonse ija, mabanja a nkhuni ndi 104,000. Kuchulukitsa ndi ma GJ 43.8 tikupeza ma GJ 4.6 miliyoni, kapena ma GWh pafupifupi 1,270 (GWh imodzi ndi mayunitsi 1 miliyoni). Dziko lonse la Malawi limapanga magetsi a ma GWh pafupifupi 2,000 pa chaka. Koma onetsetsani pamene masamuwa aima: pa 8 uja, yemwe ndangomuyerekeza. Mukaika 6, chiwerengero chonse chatsika ndi kota. Pa dziko lonse lapansi vuto ndi lomweli. Anthu oposa 2 biliyoni amaphikabe pa nkhuni, makala, ndowe, malasha kapena palafini, ndipo nkhuni zotola sizidutsa pa mita kapena pa lisiti. M'maiko ambiri ziwerengero za nkhuni zimene FAO, nthambi ya United Nations ya chakudya ndi ulimi, imasindikiza ndi zowerengetsera pa kompyuta, osati zoyeza pa sikelo. Ndiye pa ma EJ 130 aja, magetsi ndi gasi wa m'mapaipi n'zolimba, nkhuni ndiye gawo logwedezeka.

Mphunzitsi Kamanga: Nanga 8 ameneyo timupeza bwanji weniweni? Kufunsa kuti mumatha mitolo ingati pa sabata sikukwanira?

Mayi Nangondo: Sikukwanira, aphunzitsi. Mtolo si muyeso. Wosenza mwana ndi womanga pa njinga onse amatchedwa mtolo. Njira yovomerezeka imatchedwa Kitchen Performance Test, ndipo imafuna sikelo yopachika ya makilo 50, chingwe, ndi maulendo anayi ku khomo limodzi pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kuti mupeze masiku atatu athunthu.

Ulendo woyamba mumapempha mayi wa pakhomo apatule nkhuni zoposa zimene angathe mawa lake, mumaziyeza n'kupempha kuti azitapa pa mulu umenewo wokha. Zina zikabwera aziike padera kuti ziyezedwe. Mawa lake mumayeza zotsala, kuchotsera, n'kuyezanso mulu watsopano. Tsiku lililonse lembani amene anadya. Pofuna kufananitsa mabanja, mwamuna wa zaka 15 mpaka 59 amawerengedwa 1, mayi woposa zaka 14 ndi 0.8, bambo woposa zaka 59 ndi 0.8, mwana wosaposa zaka 14 ndi 0.5.

Zimene zimaononga zotsatira ndi zodziwika. Mukawabweretsera nkhuni zaulere, amasonkha mowolowa manja ndipo chiwerengero chimakwera. Tsiku lophika nyemba kapena lofulula thobwa silifanana ndi tsiku la masamba, n'chifukwa chake tsiku limodzi silikwana. Masiku a maliro, chinkhoswe kapena ukwati alumpheni. Ndipo kuno kwathu chikangokololedwa chimanga anthu amasonkhera zitsononkho, mapesi, mitengo ya fodya ndi makoko a mtedza. Zimenezo ziyezedwe pazokha, apo ayi mudzalemba kuti mu June nkhuni zatsika pamene moto sunatsike.

A Mwale (Kamwendo): Mayi mwaiwala chinyezi. Kilo ya nkhuni za mu February si kilo ya mu October.

Mayi Nangondo: Sindinaiwale achimwene, koma fotokozani inu.

A Mwale: Mtengo wouma gwa, wopanda madzi n'komwe, uli ndi ma MJ pafupifupi 18.5 pa kilo. Madzi amene ali m'kati amachotsa kawiri: amalemera pa sikelo osayaka, ndipo amadya moto kuti asanduke nthunzi, ma MJ 2.44 pa kilo ya madzi. Ndiye chulukitsani 18.5 ndi gawo louma, chotsani 2.44 kuchulukitsa ndi gawo la madzi. Pa chinyezi cha 15% mupeza 15.4. Pa 30% mupeza 12.2. Pa mtengo wongodula kumene wa 50% mupeza 8. Woyeza m'dzinja n'kuchulukitsa ndi 15 wakweza chiwerengero mwina ndi kota kapena kuposa. Ngati mulibe kachipangizo kobaya ka chinyezi, dulani tizidutswa pakati pa chikuni, osati kunsonga komwe kumayamba kuuma, yezani, umitsani mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kutasiya kusintha, n'kuyezanso. Tizidutswato muzitimanga m'pulasitiki pochoka pakhomopo, apo ayi tiumira m'njira.

A Zulu: Ine makala ndiwo amandidetsa nkhawa pa makaundulawa. Banja la pa boma lotha makilo 2 a makala pa tsiku limalembedwa ma MJ 58, theka la banja la nkhuni lija. Koma uvuni wa dothi umadya makilo 5 mpaka 10 a mitengo kuti utulutse kilo imodzi ya makala. Titenge 7: makilo 14 a mitengo, ma MJ 210. Kusiyana kwakeko sikulembedwa pa nyumba, kumalembedwa pa mzere wa kusandutsa mphamvu, pamodzi ndi zotayika m'malo opangira magetsi. Ndiye anthu akamasamuka ku nkhuni kupita ku makala, kaundula amaonetsa ngati nyumba zayamba kusunga mphamvu, pomwe nkhalango ya Mchinji ikutha msanga kuposa kale. Amene akulemba lipoti la boma aike mizere yonse iwiri, ya pa mbaula ndi ya kunkhalango.

A Jere: Ndi nkhani yomweyo pa magetsi. 30% ija ndi ya mphamvu yofika pakhomo. Kumaiko opanga magetsi ndi malasha, yuniti imodzi pa mita imadya pafupifupi mayunitsi atatu a malasha, ndiye mukawerengera kuchokera kugwero gawo la nyumba limakwera. N'chifukwa chake malipoti awiri angasiyane onse ali olondola. Kwathu magetsi ambiri ndi a madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo sola monga ya ku Salima ya mamegawati (MW) 60, ndipo IEA imawerenga yuniti ya madzi ngati yuniti imodzi basi. Musanafananitse ziwerengero ziwiri, funsani kaye kuti chilichonse chayezedwa pa mita kapena kugwero.

Mayi Tembo (mapulani a nyumba): Mbali ya nyumba za malonda sinakambidwe. Kumeneko sitiwerenga pa banja koma pa kukula kwa pansi. Mumagawa nyumba m'mitundu, ofesi, sitolo, sukulu, chipatala, malo ogona alendo, tchalitchi ndi mzikiti, ndipo mtundu uliwonse mumaupezera ma kWh pa sikweya mita pa chaka. Ofesi ya masikweya mita 400 yotha mayunitsi 24,000 pa chaka ili pa 60. Mukapeza ziwerengero zotere pa nyumba zingapo za mtundu umodzi, mumachulukitsa ndi masikweya mita onse a mtunduwo. Pa dziko lonse amachita chimodzimodzi, ndipo komwe masikweya mita sanalembedwe amawayerekeza kuchokera ku chiwerengero cha anthu ndi chuma, kapena ku zithunzi za setilaiti. Chithunzicho chimaona denga, sichiona kuti nyumbayo ndi yosanja kapena ndi shedi ya fodya.

Musabwereke chiwerengero chotere cha dziko lina. Pafupifupi theka la mphamvu za m'nyumba pa dziko lapansi limapita ku kutenthetsa zipinda ndi madzi, makamaka ku Ulaya, Russia, kumpoto kwa China ndi North America. Ife gawo la kutenthetsa zipinda tilibe, kupatula kuotha moto mu June ndi July. Akatswiri amakonza kusiyana kwa nyengo ndi muyeso wa madigiri a tsiku: tsiku la avereji ya madigiri 14 lili pansi pa 18 ndi 4, ndiye limawerengedwa 4 a kutenthetsa, ndipo tsiku la madigiri 26 ndi 8 a kuziziritsa. Mukawonkhetsa chaka chonse mumadziwa ngati mphamvu zatsika chifukwa cha nyumba zabwino kapena chifukwa chisanu chinali chofewa. Kuziziritsa ndi kumene kukukwera. IEA inalemba mu 2018 kuti makina oziziritsa ndi mafani amatha pafupifupi 10% ya magetsi onse a dziko lapansi.

Poyeza pansi gwirizanani za khonde. Wina akaliwerenga wina osaliwerenga, nyumba zathu za makonde aakulu zisiyana ndi gawo lalikulu.

A Mwale: Ndi jenereta, mayi. Malita 100 a dizilo ndi ma MJ 3,600, ma kWh 1,000, koma magetsi otuluka ndi pafupifupi 300 okha. Pa kaundula wa nyumba mulembe 1,000, popeza ndi amene alowa pa geti. Vuto n'lakuti dizilo ameneyu amagulidwa m'zigubu pa filing'i sitesheni, ndiye kaundula wa dziko nthawi zambiri amamuponya ku magalimoto. Chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu January n'kuchotsa ma MW pafupifupi 130, mayunitsi a pa mamita sakanasonyeza chimene nyumba zinkafuna. Chaka chotero musachitenge ngati poyambira, ndipo pa fomu pakhale funso la maola amene magetsi anazima.

Mphunzitsi Kamanga: Nanga malire ali pati? Mayi wokazinga mandasi kukhitchini kwake, ndi nyumba yogonamo kapena malonda?

Mayi Tembo: Lamulo lake ndi ntchito imene mphamvuyo yagwira, osati denga limene yagwirira. Mandasi ogulitsa, chiwaya cha chipisi, firiza ya okala yodyera mita ya m'nyumba, zonsezo zichotsedwe ku banja. Pa fomu muzifunsa ngati pa moto womwewo pamaphikidwa zogulitsa, n'kuyeza nkhuni zake padera. Nkhuni zowotchera njerwa si za nyumba, ngakhale njerwazo zimange nyumba. Ndi za mafakitale, pamodzi ndi simenti ndi zitsulo. Nkhuni za mabalani a fodya wa flue-cured monga a ku Kasungu si za nyumbanso. Chigayo chimagaya chakudya, ndiye chili ku mafakitale. Koma khitchini ya sekondale yogonera pompo, ya chipatala ndi ya ndende ili m'gulu la nyumba za boma ndi malonda, ndipo nkhuni zake zimabwera pa thirakitala kapena pa lole. Pamenepo yezani mendulo: mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa mulu, kenaka yezani pa sikelo nkhuni za kyubiki mita imodzi yosanjidwa, chifukwa m'mulu muli mipata yambiri ndipo bulugama salemera ngati mitengo yachilengedwe. Pa dziko lonse, nyumba zosungira makompyuta a intaneti zimawerengedwanso m'gulu lomweli la malonda.

A Zulu: Sola nayo ilibe mita ya ESCOM. Panelo ya mawati 100, pa maola 5 a dzuwa lamphamvu, mutachotsa 30% yotayika mu batire, mawaya ndi fumbi, imapereka ma Wh 350 pa tsiku, pafupifupi ma kWh 128 pa chaka. Ameneyo ndi malire a pamwamba, chifukwa batire ikadzadza masana zotsalazo sizipita kulikonse. Muziwerenga mapanelo ogwira ntchito, osati ogulidwa, popeza mabatire ambiri amafa pasanathe zaka zitatu panelo n'kungokhala padenga. Magetsi a sola a mudzi wonse monga a kwa Sitolo ali ndi mamita awoawo, ndiye ziwerengero zake mukapemphe kwa oyendetsa, sizipezeka ku ESCOM.

Mphunzitsi Kamanga: Ndamva. Funso lomaliza, makomo angati, ndipo ndiwasankhe bwanji?

Mayi Nangondo: Gawani kaye m'magulu atatu: a pa boma, a m'misika ikuluikulu monga Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi Waliranji, ndi a m'midzi. Gulu lililonse lisachepere makomo 30, chifukwa nkhuni zimasiyana kwambiri khomo ndi khomo. Tengani kaundula wa mabanja kwa anyakwawa, lembani manambala, sankhani mwa maere. Musalole kuti akusankhireni, ndipo musamangotsata msewu wa tala, popeza okhala kufupi ndi nkhalango sasonkha ngati ogula mitolo pa msika. Mabanja a Chitetezo Mbaula muwalembe padera, n'kufunsanso ngati mafuwa akadalipo, chifukwa ambiri amagwiritsa zonse ziwiri, mbaula pa ndiwo, mafuwa pa mphika waukulu wa nsima ndi madzi osamba. Muyeze kawiri pa makomo omwewo, mu February ndi mu July.

A Jere: Ndipo mukamaliza, mayunitsi a magetsi amene mwapeza pochulukitsa muwafananitse ndi amene ESCOM inagulitsa kwa makasitomala a m'nyumba m'bomali chaka chomwecho. Anu akaposa awo ndi zambiri, bwererani ku mafuriji ndi magiza, nthawi zambiri maola ake ndi amene mwachulutsa. Akachepa, funsaninso za mamita odyetsa nyumba zingapo ndi mafiriza a malonda.

A Mwale: Sikelo muziiyesa m'mawa uliwonse ndi chigubu cha malita 5 a madzi. Madziwo ndi makilo 5, kuwonjezera kulemera kwa chigubu chopanda kanthu. Ya sipuling'i ikayamba kunama ndi theka la kilo isiyeni, chifukwa pa nkhuni za makilo 8 theka limenelo ndi 6 pa 100.